EDSAC: MAKINA A MASAMU AMENE ANADZAZA CHIPINDA KU CAMBRIDGE

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ophunzira akale anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza pomvera pempho la mamembala amene sanathe kufika.



Pamene a Mlembi anandiuza kuti ndidzayankhule pa msonkhano uno, ndinayamba ndakana. Ine sindine katswiri wa makompyuta. Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo masamu amene ndinaphunzira ku sukulu ya ukachenjede ndimawagwiritsa ntchito powerengera ndalama ndi anthu basi. Koma atandiuza kuti nkhani yaikulu ya chaka chino ndi ya chipinda cha makompyuta chimene bungwe lathu likufuna kuthandiza kukhazikitsa pasukulu pano, ndinavomera, chifukwa pali mbiri ya makina ena imene ndakhala ndikuiwerenga kwa zaka zingapo, ndipo ndikuona kuti ikukhudza zimene tikambirane masana ano. Makinawo ankatchedwa EDSAC, ndipo anapangidwa pa Yunivesite ya Cambridge ku England. Anali a mtundu umene pambuyo pake unadzatchedwa mainframe, kutanthauza kompyuta imodzi yaikulu yodzaza chipinda, imene anthu ambiri amaigwiritsa ntchito mosinthana.

Ife a zaka za m'ma 1990 tikukumbukira kabuku kaja ka ma logarithm kamene tinkalowa nako m'mayeso. Sitinkadzifunsa kuti manambala ambirimbiri a m'kabukuko anawawerengera ndani. Anawawerengera anthu, ndi pensulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, mawu oti kompyuta ankatanthauza munthu wolembedwa ntchito yowerengera, ndipo ambiri mwa anthuwo anali amayi. Chida chawo chinali makina a pa tebulo opukusa ndi dzanja, monga otchedwa Brunsviga. Katswiri wa sayansi akakhala ndi funso lofuna masamu a miyezi isanu ndi umodzi, ankayenera kusankha: kupukusa makina miyezi yonseyo, kapena kulisiya funsolo. Mafunso ambiri ankasiyidwa.

Pa Cambridge panali nthambi yotchedwa Mathematical Laboratory, imene inakhazikitsidwa mu 1937 kuti izithandiza nthambi zina pa zowerengera. Nkhondo itatha mu 1945, mtsogoleri wake anali Bambo Maurice Wilkes, amene anabadwa mu 1913, ndipo pa nthawi ya nkhondo anagwira ntchito ya radar. Mu May 1946 mnzawo wina, Leslie Comrie, anawabwereka chikalata chimene analemba John von Neumann chofotokoza makina atsopano otchedwa EDVAC, amene ankakonzedwa ku America. Fotokope kunalibe, ndipo mwini wake ankachifuna m'mawa mwake, choncho a Wilkes anachezera usiku wonse kuchiwerenga. Mfundo yaikulu ya m'chikalatacho inali yakuti malangizo ouza makina chochita azisungidwa m'kati mwa makina momwemo, pamodzi ndi manambala owerengedwawo. Lero izi zikumveka ngati zachidziwikire. Koma makina akuluakulu a nthawi imeneyo, otchedwa ENIAC, okhala ndi mababu pafupifupi 18,000, ankafuna kuti anthu azule ndi kulumikizanso mawaya, mwina kwa masiku angapo, asanayambe ntchito yatsopano.

Chaka chomwecho a Wilkes anaitanidwa ku maphunziro a makina oterewa ku Moore School mu mzinda wa Philadelphia. Malo m'sitima za pamadzi ankasowa nkhondo itangotha, kotero anafika mochedwa, mu August, ndi kupezako masabata awiri omaliza okha. Anawakwanira. Pobwerera, ali m'sitima ya Queen Mary, anayamba kale kujambula makina awo.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti timvetsere bwino. A Wilkes sanafune kupanga makina oposa ena onse. Anafuna makina oti athe msanga ndi kuyamba kugwira ntchito, kuti anthu aphunzire kuwagwiritsa ntchito. Ena ankakonza makina ogunda ka 1,000,000 pa sekondi. Iwo anasankha theka lake, 500,000, chifukwa ankadziwa kuti zipangizo zimene anali nazo zikhoza kupirira liwiro limenelo popanda vuto. Makinawo analibe ngakhale lamulo logawira nambala ndi inzake. Kugawa kunkachitika kudzera mu pulogalamu. Alan Turing, amene ankakonza makina othamanga kwambiri ku National Physical Laboratory, sanagwirizane ndi kaganizidwe ka a Wilkes. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. EDSAC inayamba kugwira ntchito mu May 1949, makina a gulu la Turing otchedwa Pilot ACE mu May 1950, ndipo EDVAC yeniyeniyo, imene inapereka nzeru, inayamba ntchito mu 1951. Ndinenenso, kuti ndisalakwire a ku Manchester, kuti kamakina kawo koyeserera kanayendetsa pulogalamu yosungidwa m'kati pa 21 June 1948, EDSAC isanathe. Chimene a Cambridge anatsogola nacho ndi kutsegula khomo kuti anthu a nthambi zina abwere ndi mafunso awo tsiku ndi tsiku.

Kodi makinawo ankaoneka bwanji? Anali m'chipinda cha mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, m'nyumba imene kale ankaphunzitsiramo za thupi la munthu. Anali ndi mashelefu achitsulo aatali kuposa munthu, odzaza ndi mababu pafupifupi 3,000 otchedwa ma valve, onga aja ankakhala m'mawailesi akale ofuna kutenthetsa kaye asanayankhule. Ankadya magetsi oposa makilowati 10, ndiye ganizirani kutentha kwake. Injiniya wamkulu anali William Renwick. Malangizo ankalowa kudzera pa tepi ya pepala yobooledwa timabowo, mpaka tisanu pa mzere uliwonse, ndipo mayankho ankatuluka pa teleprinter, yonga makina a telex amene akuluakulu ena muno anawapeza m'maofesi. Pa sekondi imodzi ankatsatira malamulo pafupifupi 650.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi mmene makinawa ankakumbukirira zinthu. Dzina loti EDSAC likuimira Electronic Delay Storage Automatic Calculator, ndipo chinsinsi chili pa mawu awiri apakatiwo, onena za kusunga mwa kuchedwetsa. Tonse tinatumidwapo ku golosale tili ana. Mayi akati ukagule sopo, mchere ndi machesi, sunkalemba. Unkapita ukubwereza njira yonse, sopo, mchere, machesi, sopo, mchere, machesi, ndipo wina akakudodometsa pa njira unkafika kwa wogulitsa m'mutu mulibe kanthu. EDSAC inkakumbukira chimodzimodzi. Inali ndi mapaipi achitsulo otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, odzaza ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chinkakhala mu thermometer ya kuchipatala. Kumapeto kulikonse kwa paipi kunali kamwala ka quartz. Magetsi akagunda kamwala ka mbali imodzi, kankanjenjemera ndi kutumiza kaphokoso m'kati mwa mercury. Phokoso limayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi magetsi, pafupifupi mamita 1,450 pa sekondi mu mercury, kotero linkatenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kuti lifike mbali inayo. Likafika, kamwala kachiwiri kankalisandutsanso magetsi, magetsiwo ankalimbikitsidwa ndi kubwezedwa koyambira. Kugunda kunkaimira 1, kusagunda kunkaimira 0, ndipo nambala inkangozungulira chomwecho mpaka itafunika. Magetsi akazima, zonse zinkafufutika.

Paipi imodzi inkasunga manambala 32. Poyamba mapaipi ogwira ntchito anali 16, kutanthauza manambala 512, ndipo pambuyo pake anafika 1,024. Zimenezi n'zofanana ndi zilembo pafupifupi 2,000, kalata ya tsamba limodzi yotayipa. Foni wamba imene ili m'thumba mwa ambiri a inu ili ndi malo oposa pamenepo kuwirikiza mamiliyoni. Vuto lina linali lakuti liwiro la phokoso limasintha mercury ikatentha kapena kuzizira, choncho mapaipiwo anadzawatsekera m'bokosi losunga kutentha kofanana nthawi zonse.

Pa 6 May 1949 makinawo anayendetsa pulogalamu yake yoyamba: anawerengera nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 99 poichulukitsa ndi iyo yomwe, ndi kusindikiza mayankho. Zinatenga mphindi 2 ndi masekondi 35. Mwana wa Fomu 1 angaseke. Koma panalibe munthu wopukusa kanthu, ndipo kuti makinawo achite ntchito ina, chofunika chinali kungosintha tepi.

Mwezi wotsatira a Wilkes anayamba kulemba pulogalamu yawo yoyamba yeniyeni, ya masamu otchedwa Airy equation. Iwo eni anadzafotokoza kuti tsiku lina, ali pa masitepe pakati pa chipinda cha makina ndi chipinda chobowolera matepi, anazindikira mwadzidzidzi kuti gawo lalikulu la moyo wawo wotsala lidzathera pa kufufuza zolakwa m'mapulogalamu awo omwe. Patapita zaka zambiri wolemba mbiri Martin Campbell-Kelly anaiunika tepi ya pulogalamuyo ndi kupezamo zolakwa pafupifupi 20 m'mizere 126. Ameneyo anali mwini makina, munthu wa digiri ya udokotala. Palibe amene ankayembekeza kuti kuuza makina chochita kudzakhala kovuta ngati kuwapanga. Inu ana a Fomu 4, mukadzalemba pulogalamu n'kukana kuyenda, musadzaganize kuti mwalodzedwa.

Amene anachepetsa vutoli anali mnyamata wa zaka 22, David Wheeler. Iye analemba kapulogalamu ka malamulo 31 okha, kamene kankalowa m'makina munthu akangodina batani loyambira. Ntchito yake inali kuwerenga zilembo za pa tepi ndi kuzisandutsa ma 0 ndi ma 1, kotero kuti munthu ankatha kulemba A pofuna kuwonkhetsa, S pofuna kuchotsera, ndi Z pofuna kuti makina aime ndi kuliza belu. Wheeler anapezanso njira yoti pulogalamu ipatuke, ikagwiritse ntchito kapulogalamu kena kolembedwa kale, kenaka ibwerere pamene inalekezera. Timapulogalamu totere, ta kugawa, ta ma logarithm, ta kusindikiza manambala, tinkayesedwa mosamala ndi kusungidwa m'madirowa a kabati yachitsulo. Pofika 1951 tinalipo toposa 80. Munthu wofufuza za nyenyezi sankafunikanso kudziwa mmene makina amagawira. Ankangotenga tepi mu dirowa ndi kuikopera pa tepi yake. Chaka chomwecho Wilkes, Wheeler ndi Stanley Gill anasindikiza buku lotchedwa The Preparation of Programs for an Electronic Digital Computer, buku loyamba lophunzitsa kulemba mapulogalamu, ndipo mu 1953 yunivesiteyo inayamba kupereka dipuloma ya maphunzirowa. Kwa ine, kabati ija ndi buku lija zinali zofunika mofanana ndi mababu 3,000 aja.

Kagwiritsidwe kake kanali ndi dongosolo limene ife a m'boma tingalizindikire. Panali komiti yoona amene ayenera kupatsidwa nthawi. Masana, munthu ankabowola tepi yake ndi kuipachika pa chingwe pafupi ndi makina, ngati chovala pa chingwe choyanikira, ndipo woyendetsa makina ankatenga matepiwo motsatana. Usiku mainjiniya akaweruka, anthu ochepa ovomerezeka ankaloledwa kuyendetsa makinawo okha mpaka atawonongeka, ndipo kawirikawiri ankawonongekadi kusanache. Mmodzi mwa anthu a usikuwo anali Joyce Blackler, amene kuyambira 1954 ankawerengera zochitika m'kati mwa nyenyezi motsogozedwa ndi Fred Hoyle. Anadzakwatiwa ndi David Wheeler mu 1957. Sindikunena kuti chipinda chathu cha makompyuta chidzakhale ndi cholinga chimenecho, Bambo Mphunzitsi Wamkulu.

Tsopano ndifike pa ntchito ya sayansi imene makinawa anagwira. Mu 1950 Ronald Fisher, katswiri wa chiwerengero amene njira zake ena a ife tinavutika nazo ku koleji, anasindikiza kafukufuku wa mmene ma gene amafalikira pakati pa zamoyo kuchokera dera lina kupita dera lina. Ndikuti ma gene, tizinthu tonyamula chibadwa, osati majini a kwa sing'anga. Masamu ake anawerengedwa pa EDSAC ndi Wheeler, ndipo anthu ambiri amati aka kanali koyamba kugwiritsa ntchito kompyuta pa funso la sayansi ya zamoyo. Mu 1951 Wheeler ndi J. C. P. Miller anapeza nambala ya madijiti 79 imene singagawike ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Kuyambira 1876 mpaka chaka chimenecho, nambala yaikulu yodziwika ya mtundu umenewu inali ya madijiti 39, imene Édouard Lucas anaitsimikiza ndi pensulo. Ulemu wa a Cambridge sunakhalitse, pakuti mu 1952 makina a SWAC ku Los Angeles anapeza zazikulu koposa. Panthawiyo anali masewera a akatswiri a masamu. Lero manambala oterewa ndi ena mwa maloko otetezera mauthenga a ku banki.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya John Kendrew. Iye ankafuna kudziwa maonekedwe a puloteni, zinthu zimene zimagwira pafupifupi ntchito zonse m'thupi mwathu koma n'zazing'ono kwambiri moti microscope wamba singazione. Anasankha puloteni yotchedwa myoglobin, imene imasunga mpweya wa oxygen m'minofu, ndipo ankaitenga ku nyama ya namgumi, chifukwa namgumi amamira nthawi yaitali ndipo minofu yake ili nayo yambiri. Njira yake inali youmitsa puloteniyo kukhala timiyala tonga mchere, ndi kuwalitsapo X-ray. Chotuluka pa filimu sichikhala chithunzi cha puloteni ayi, koma timadontho tambirimbiri, tina takuda kwambiri, tina totuwa. Kuti timadonthoto tisanduke chithunzi, pamafunika kuwonkhetsa mafunde a masamu, funde limodzi pa dontho lililonse, ndi kubwereza kuwonkhetsako pa malo zikwizikwi m'kati mwa puloteniyo. Pa mankhwala aang'ono anthu ankatha ndi manja. Pa puloteni, moyo wa munthu sukanakwana.

Kendrew pamodzi ndi John Bennett wa ku Australia analemba pulogalamu ya ntchitoyi pa EDSAC ndi kuifotokoza mu 1952. Mu 1958 Kendrew anatulutsa chithunzi choyamba cha puloteni m'mbiri ya dziko, kuchokera ku timadontho pafupifupi 400. Chinali chosaoneka bwino, chonga soseji yopindikapindika, ndipo akatswiri anadabwa kuti chinthu cha m'chilengedwe chingakhale chosalongosoka choncho. Mu 1960, pogwiritsa ntchito makina atsopano a EDSAC 2 ndi timadontho pafupifupi 10,000, anatha kuonetsa pafupifupi pamene pali atomu iliyonse. Mu 1962 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Max Perutz, amene ankafufuza haemoglobin ya m'magazi. Wina angafunse kuti namgumi akutikhudza bwanji ife a kumtunda. Njira yomweyo ndi imene inaonetsa mu 1989 maonekedwe a puloteni ina ya kachilombo ka HIV yotchedwa protease, ndipo akatswiri ataona maonekedwewo anapanga mankhwala olowa ndendende pamalo pamene puloteniyo imagwirira ntchito, monga kiyi wothyokera mu loko. Oyamba a mtundu umenewu analoledwa mu 1995. Palibe banja muno limene mliriwu sunaligwedeze, ndiye sindifunika kuwonjezera.

Pali nkhani ina imene ikuonetsa mbali inayo. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, a pa Cambridge pomwepo, ankafufuza mmene uthenga umayendera m'mitsempha ya thupi, pogwiritsa ntchito mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid. Mu 1951 masamu awo anali okonzeka, koma anapeza kuti EDSAC yatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ikonzedwe. Huxley sanadikire. Anatenga Brunsviga ndi kupukusa kwa masabata atatu, ndipo yankho linagwirizana ndi zimene anayeza. Anasindikiza mu 1952 ndi kulandira Nobel mu 1963. Pambuyo pake Huxley anaigwiritsa ntchito EDSAC kupitiriza kafukufukuyo, koma ntchito imene inawatchukitsa inachitika makina atazima. Anatha kutero chifukwa masamuwo ankawadziwa iye mwini.

Wachitatu ndi Martin Ryle, amene ankamvetsera mafunde a wailesi ochokera ku milalang'amba yakutali. Kuti munthu aone bwino ndi mafunde oterewa pamafunika mbale yolandirira yaikulu makilomita, imene singamangike. Ryle anaganiza zoika timbale ting'onoting'ono motalikirana, kulola kuti kuzungulira kwa dziko kutisunthe, ndi kulumikiza zimene talandirazo mwa masamu, ngati kuti zachokera ku mbale imodzi yaikulu. Tinganene kuti theka la chida chakecho linali kompyuta: EDSAC 2, kenaka Titan. Zimene anapeza powerenga milalang'amba mu 1961 zinatsutsa ganizo la Fred Hoyle lakuti chilengedwe sichinakhale ndi chiyambi ndipo sichisintha. Anthu awiriwa sankamwerana madzi, koma ophunzira awo ankadalira nthambi imodzi yomweyo ya makina. Ryle analandira Nobel mu 1974 pamodzi ndi Antony Hewish.

Nanga ndalama zinachokera kuti? Zambiri zinachokera ku yunivesite, koma panali mthandizi wina wodabwitsa: kampani ya J. Lyons, yogulitsa tiyi ndi makeke m'malesitilanti ake ku Britain. Akuluakulu ake awiri anapita ku America mu 1947 kukafufuza njira zochepetsera ntchito ya makalaliki, ndipo kumeneko anauzidwa kuti makina amene akuwafuna akupangidwa kwawo komwe, ku Cambridge. Kampaniyo inapereka mapaundi 3,000 ndi mmisiri mmodzi, Ernest Lenaerts, kuti akathandize ndi kuphunzira. Kenaka inapanga makina akeake potengera EDSAC, otchedwa LEO, amene mu November 1951 anayamba kuwerengera mitengo ya zophikaphika za kampaniyo, ndipo mu 1954 malipiro a antchito. Iyi inali kompyuta yoyamba kugwira ntchito ya mu ofesi nthawi ndi nthawi, kholo la makina amene amatulutsa ma payslip athu. Anzathu a ku Mulanje angakonde kudziwa kuti kampani yomweyi ndi imene inali mwini wa esiteti ya tiyi ya Lujeri kuyambira zaka za m'ma 1920.

EDSAC inazimitsidwa pa 11 July 1958, itagwira ntchito zaka 9. Zipangizo zake zambiri zinatayidwa kapena kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, pakuti chipinda chinkafunika ndipo palibe ankaganiza zosunga. EDSAC 2 inagwira ntchito mpaka 1965. A Wilkes analandira mphoto ya Turing mu 1967 ndipo anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 97. Mu 2011 gulu la anthu odzipereka linayamba kumanganso EDSAC ku National Museum of Computing ku Bletchley Park, ndipo chifukwa mapulani ambiri anasowa, ankadalira zithunzi zakale. M'malo mwa mercury, imene ndi poizoni, anasankha waya wa nickel.

Bambo Wapampando, ndifike pa nkhani yathu. Ndamva kuti maganizo amene ali patsogolo ndi akuti ndalama zonse zimene tasonkha tigulire makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito, ochuluka mmene tingathere, kuti tsiku lopereka chipinda chidzaoneke chodzaza. Ine ndikupempha kuti tiganizenso. Pa ofesi ina imene ndinagwirapo ntchito tinalandira makompyuta a mphatso, tinajambulitsa, tinadya ndi kumwa. Patatha chaka, theka linali litafa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndi fumbi, panalibe ndalama yokonzera, ndipo otsalawo ankagwira ntchito ya taipilaita. Ine ndinali mmodzi wa osaina kalata yothokoza, ndipo sindinafunse kuti adzakonza ndani. Cambridge inali ndi makina amodzi okha, ofooka kuposa wotchi ya pamkono ya masiku ano, koma inali ndi mainjiniya ofika m'mawa uliwonse kudzasintha mababu opsa, inali ndi woyendetsa makina, kabati ya matepi, buku, ndi komiti yogawa nthawi.

Choncho pempho langa ndi lakuti tigule makina ochepa, ndipo ndalama zotsalazo tizigawe: zina zotumizira mphunzitsi mmodzi wa masamu kapena sayansi ku maphunziro, zina za mabatire ndi zotetezera magetsi, zina zikhale m'buku la banki la zokonzera, losainidwa ndi Msungichuma wathu ndi a Mphunzitsi Wamkulu. Ndikupemphanso kuti chipindacho chizitsegulidwa madzulo ndi Loweruka kwa ana amene aonetsa kuti angathe kuchisamala, monga ankachitira anthu a usiku aja, ndi kuti ana asamangophunzira kutayipa koma azibweretsa mafunso awoawo: mvula imene yagwa pasukulu pano mwezi ndi mwezi, zokolola za m'munda wa sukulu, ngakhale ma logarithm omwe aja. Ndikudziwa kuti ena anena kuti ana ndi ambiri ndipo makina ochepa adzabweretsa mkangano. Ndi zoona, ndipo yankho limene ndili nalo ndi ndandanda ya pakhoma, yolembedwa bwino ndi yotsatidwa mosakondera.

Ndasiya maganizowa polemba kwa a Mlembi kuti alowe pa mndandanda wa zokambirana za masana, ndipo ine ndadzipereka kukhala mu komiti ya zokonzera ngati mungandisankhe. Ndaona kuti a Wapampando ayang'ana wotchi kawiri, ndipo fungo la kukhitchini lafika kale muno.